Mtsutso: Kodi Timibulu ta Jeli Tomangira Minofu Tizipangidwa ndi Microfluidics?

Maselo ambiri a m'thupi la munthu sakhala patali ndi mtsempha wa magazi. Akatalikira kuposa ma micron 100 mpaka 200, ndiye kuti gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 10 a milimita, mpweya wa okosijeni umalephera kuwafikira ndipo amayamba kufa. Malire amenewa ndiwo akhala akubweza m'mbuyo ntchito yomanga minofu m'labotale chiyambire 1993, pamene Robert Langer ndi Joseph Vacanti analemba m'magazini ya Science kuti n'zotheka kulera maselo pa chimango n'kupanga ziwalo zolowa m'malo mwa zowonongeka. Zopyapyala zinatheka msanga. Khungu linapangidwa, ndipo gulu la Anthony Atala linaika zikhodzodzo zolerera m'labotale mwa odwala 7, lipoti lake n'kutuluka mu 2006. Zochindikala ndizo zakanika mpaka lero.

Chimango chomwe ofufuza ambiri amadalira ndi jeli, yomwe kwenikweni ndi madzi ogwidwa mu ukonde wa timaulusi tosaoneka ndi maso. Ubwino wa jeli ndi woti ndi yofewa komanso yonyowa mofanana ndi mnofu weniweni. Kuipa kwake n'kwakuti maso a ukondewo ndi aang'ono kwambiri moti selo silingadutsepo. Selo lofuna kulowa liyenera kuyamba lasungunula jeliyo pang'onopang'ono, ndipo mtsempha wa magazi umachedwa koposa pamenepo. Pofuna kuthana ndi vutoli, ofufuza ena anasiya kupanga jeli yathunthu, n'kuyamba kupanga timibulu tambirimbiri ta jeli yomweyo kenako n'kutiunjika pamodzi. Kusiyana kwake kuli ngati kwa mtanda wa nsima ndi mbale ya mpunga wophika: zonse zimagwirana, koma mpunga umasiya mipata pakati pa njere zake. M'mipata yotereyi ndi momwe maselo, madzi ndi chakudya zimadutsa.

Zoti timibulu n'tothandiza, ambiri sakutsutsanso. Mkangano wagona pa kapangidwe kake. Njira yomwe yatchuka ndi ya microfluidics. Amatenga kachidutswa ka mphira woonekera mkati wotchedwa PDMS, kotalika ngati chala, n'kukamata pa kagalasi. Mkati mwake mumakhala tinjira topyapyala ngati tsitsi. Mapampu amakankha madzi a jeli yosauma m'kanjira kapakati, mafuta n'kubwera kuchokera mbali ziwiri. Pamphambano pomwe zimakumana, mafuta amapana madziwo mpaka kuduka, ndipo ukayang'ana pa maikulosikopu umaona timadontho tikutuluka mondondozana, kalikonse kofanana ndi kanzake. Kenako timaumitsidwa ndi kuwala kwa UV kapena ndi mchere wa kashiamu, mafuta n'kutsukidwa. Gulu la George Whitesides ku Harvard ndilo linafalitsa kapangidwe ka zipangizo za PDMS cha mu 1998. Mu 2001 gulu la Stephen Quake linaonetsa kadulidwe ka madontho pamphambano yooneka ngati T, ndipo mu 2003 Shelley Anna, Nathalie Bontoux ndi Howard Stone anaonetsa njira yopana madzi mbali ziwiri ija.

Mutu wa mtsutso wathu ndi uwu: ofufuza, makampani ndi opereka ndalama atenge microfluidics kukhala njira yaikulu yopangira timibulu ta jeli ta ntchito yosindikiza ndi kumanga minofu.

Mbali yovomereza

1. Kufanana kwa timibulu ndiko kumapatsa wofufuza ulamuliro pa mipata. Timadontho totuluka m'kachipangizo koyenda bwino timasiyana kukula mosafika 5 peresenti, pomwe tovundula ndi makina wamba timatuluka taukulu wosiyanasiyana. Izi si zongokongoletsa zithunzi. Timibulu tikakhala tosiyana, tating'ono timagwera m'mipata ya tatikulu n'kuitseka, ndiye kuti cholinga chonse chopangira timibulu chimachepa mphamvu. Tikakhala tofanana, timadzaza pafupifupi 64 peresenti ya malo ngati tili tolimba, ndipo wofufuza amatha kudziwiratu kukula kwa mipata pongosankha kukula kwa kambulu. Umboni waukulu unachokera ku yunivesite ya UCLA mu 2015. Donald Griffin, Westbrook Weaver, Philip Scumpia, Dino Di Carlo ndi Tatiana Segura anapanga timibulu ta jeli ya mtundu wa PEG ndi microfluidics, n'kutibaya m'mabala a mbewa. Anatimata pamodzi pogwiritsa ntchito Factor XIIIa, chinthu chomwe thupi limagwiritsa kale ntchito polimbitsa magazi oundana pabala. Chimangocho anachitcha MAP. Maselo analowa m'mipata osadikira kuti jeli isungunuke, ndipo mabala anatsekeka msanga kuposa omwe anathiridwa jeli yathunthu yopangidwa ndi zinthu zomwezo. Pambuyo pake gulu la Segura linabaya timibulu totere m'mphako yomwe sitiroko imasiya mu ubongo wa mbewa, ndipo maselo a ubongo analowamo.

2. Pa kusindikiza, timibulu timathetsa mkangano wakale wa inki. Pulinta ya 3D yosindikiza minofu imafuna inki yoti iyende mosavuta m'singano kuti maselo asavulale, koma ikangotuluka iime nji, osayenderera. Inki yamadzimadzi imasunga maselo koma imaphwasuka, pomwe yokhuthala imaima bwino koma imafinya maselo mpaka ena kufa. Timibulu tothinana timachita zonse ziwiri. Tikakankhidwa timatsetsereka kalikonse pa kanzake n'kuyenda, mphamvu ikatha timagwiranagwirananso pomwepo. Mu 2019 Christopher Highley ndi Jason Burdick, pamodzi ndi anzawo ku yunivesite ya Pennsylvania, anaonetsa izi ndi timibulu ta microfluidics topangidwa kuchokera ku zinthu zosiyana zitatu: hyaluronic acid, PEG ndi agarose. Tonse tinasindikizika. Phindu lake n'lakuti wofufuza sasankhanso jeli potengera kuti imadutsa bwanji m'singano, amasankha yomwe maselo akuikonda. Ovomereza amawonjezera kuti singano yaing'ono imatsekeka ndi kambulu kamodzi kokha kakakulu mopitirira, choncho wofuna mizere yosalala ayenera kudziwa kuti m'inki mwake mulibe kotere.

3. Pali zinthu zina zomwe njira zina sizingathe n'komwe. Mu 2005 gulu la David Weitz ku Harvard linaonetsa kapangidwe ka dontho lokhala mkati mwa dontho lina, zomwe zimalola kuti kambulu kakhale ndi chigoba cholimba kunja, mkati muli mankhwala kapena maselo. Mu 2017 gulu la David Mooney, mogwirizana ndi Weitz yemweyo, linakutira selo limodzilimodzi ndi kachikuto kopyapyala ka alginate, jeli yochokera ku ndere za m'nyanja yamchere, ndipo maselo okutidwawo anakhalitsa m'thupi la mbewa kuposa osakutidwa. Bulenda kapena sefa sizingachite zimenezi. Chinanso n'chakuti timibulu tofanana timathandiza kudziwa chomwe chachititsa chinthu. Mu kafukufuku wofalitsidwa mu 2021, gulu la MAP lija linasintha chinthu chimodzi chokha: mtundu wa tizidutswa ta mapuloteni tomangira jeli. Ankayembekezera kuti jeliyo ichedwa kusungunuka, koma inasungunuka msanga chifukwa inadzutsa chitetezo cha m'thupi, ndipo pamabala a mbewa panameranso ubweya m'malo mwa chipsera chosalala. Zikanakhala kuti timibulu ta m'magulu awiriwo tinali tosiyananso kukula ndi maonekedwe, kukanakhala kovuta kuloza chenicheni chomwe chinabweretsa kusinthako.

4. Dandaulo loti njirayi imachedwa likutha ntchito. Mu 2018 gulu la David Issadore ndi Daeyeon Lee ku Pennsylvania linaika malo odulira madontho 10,260 pa chipangizo chimodzi cha silikoni ndi galasi, n'kutulutsa madontho oposa 1 thiriliyoni pa ola. Chaka chomwecho ofufuza a ku yunivesite ya Twente ku Netherlands anaonetsa njira yogundanitsa timizere ta madzi m'malere, popanda tinjira komanso popanda mafuta, yomwe imathamanga kuwirikiza 10 mpaka 100 kuposa zipangizo wamba. Kumsika nakonso chitsanzo chilipo kale: makina a kampani ya 10x Genomics owerenga majini a selo limodzilimodzi amadalira timibulu ta jeli tofanana toyenda m'tinjira, ndipo akugwiritsidwa ntchito m'malabotale ambiri padziko. Pomaliza, chilichonse chobayidwa m'thupi la munthu chiyenera kudutsa kwa oyang'anira mankhwala monga FDA ya ku America, omwe amafuna umboni woti botolo lopangidwa lero ndi lofanana ndi lopangidwa mwezi wamawa. Yemwe ali ndi timibulu tofanana sachita thukuta poyankha funso limenelo.

Mbali yotsutsa

1. Ntchito zazikulu zosindikiza ndi timibulu zomwe dziko laziona sizinadalire microfluidics. Mu 2015 Thomas Hinton ndi Adam Feinberg ku yunivesite ya Carnegie Mellon anafalitsa njira ya FRESH, yomwe imasindikiza zinthu zofewa mkati mwa bafa la timibulu ta jelatini. Timibuluto timagwira inki pamalo pake, ndipo ntchito ikatha amatenthetsa bafalo kufika pa madigiri 37, jelatini n'kusungunuka, chosindikizidwacho n'kutsala. Nanga timibuluto anatipanga bwanji? Anaumitsa jelatini, n'kumupera mu bulenda wa kukhitchini. Chaka chomwecho gulu la Thomas Angelini ku yunivesite ya Florida linasindikiza mu Carbopol, ufa wotchipa womwe umagwiritsidwa ntchito pokhuthalitsa zodzoladzola ndi sanitaiza. Ovomereza angayankhe kuti mu 2019, pomwe gulu la Feinberg linasindikiza mavalavu ndi zigawo zina za mtima ndi kolajeni, linayamba lachepetsa timibulu take kufika pa ma micron pafupifupi 25 n'kutifananitsa, ndipo mizere inasalala kwambiri. Zimenezo n'zoona, ndipo zikutsimikizira kuti kufanana kuli ndi ntchito. Koma kufananako anakupeza povundula jelatini mu mtsuko pamodzi ndi ethanol ndi zinthu zina, osati m'tinjira. Ku ETH Zurich, gulu la Marcy Zenobi-Wong mu 2020 linangokankha jeli yathunthu pa sefa, n'kupeza tizingwe tolukanalukana tomwe timasindikizika bwino ndipo timasiya mipata.

2. Masamu a kuchuluka sakugwirizana ndi mutuwu. Tiyeni tiwerengetse ndi timibulu ta ma micron 100. Kuti tidzaze mililita imodzi pafunika timibulu pafupifupi 1.2 miliyoni. Tinene kuti kanjira kamodzi kakudula madontho 1,000 pa sekondi, zomwe kwa madzi okhuthala a jeli ndi liwiro labwino ndithu. Bala la masentimita 5 mulitali, 5 mulifupi, lakuya mamilimita 2, limalowa mamililita 5, ndipo ntchitoyo ingatenge mphindi 100. Zimenezo n'zopirika. Koma chiwindi cha munthu wamkulu, cholemera pafupifupi makilogalamu 1.5, chingafune timibulu 1.8 biliyoni, kutanthauza masiku 21 usana ndi usiku, kachipangizo kosatsekeka ngakhale kamodzi. Aliyense amene amagwira ntchito ndi tinjira totere amadziwa kuti kaulusi kamodzi kapena kathovu ka mpweya kamakwanira kusokoneza zonse. Za malo odulira 10,260 aja, tikumbukire kuti madontho 1 thiriliyoniwo sanali a jeli yokhala ndi maselo amoyo. Madzi okhuthala amavuta kugawa mofanana m'tinjira masauzande, ndipo kanjira kamodzi kakatsekeka theka kamayamba kutulutsa timibulu taukulu wina, wosakanikirana ndi tabwino, popanda wodziwa. Apo ndiye kuti kufanana komwe munalipirira ndalama zambiri kwatayika. Chipangizo cha silikoni ndi galasi chotere chimapangidwanso m'chipinda chapadera chopanda fumbi, chofanana ndi chopangira machipu a kompyuta.

3. Mafuta si bwenzi la maselo. Kuti madontho asaphatikizane amathiramo mankhwala onga sopo, ndipo zonsezi ziyenera kutsukidwa kangapo timibulu tisanayandikire thupi la munthu. Kutsuka kulikonse kumataya timibulu tina, kumadya nthawi, ndipo maselo omwe ali mkati amakhala akudikira opanda chakudya chokwanira. Mafuta omwe malabotale ambiri amakonda, HFE-7500, ali m'gulu la mankhwala a PFAS omwe sawola m'chilengedwe, ndipo mu December 2022 kampani ya 3M, yomwe inkawapanga, inalengeza kuti isiya kupanga PFAS pofika kumapeto kwa 2025. Palinso vuto la mwayi. Maselo amafika pamphambano mwachisawawa, ndipo masamu amaonetsa kuti madontho okhala ndi selo limodzi ndendende sangapose 37 peresenti pokhapokha patachitika zina zapadera. Wofuna kupewa maselo awiri m'dontho limodzi amasungunula mpaka selo limodzi pa madontho 10, ndiye kuti pafupifupi 90 peresenti ya timibulu timatuluka topanda kanthu. Mphira wa PDMS nawo umamwa mankhwala ena odutsamo. Njira ya ku Twente imapewa mafuta, inde, koma tiyenera kuvomereza kuti yachoka kale pa tinjira tomwe mutuwu ukutamanda.

4. Timibulu tozungulira, tosalala ndi tofanana timakhudzana pa timalo tochepa, choncho chimango chake chimakhala chofooka. Gulu la Burdick lomwelo, lomwe mbali yovomereza yalitchula, linayerekeza njira zitatu mu 2021 pogwiritsa ntchito jeli imodzi: microfluidics, kuvundula m'mafuta, ndi kuphwanya jeli poikankha m'masingano. Tizidutswa tophwanya, tokhala ndi nsonga ndi ngodya, tinakolana kwambiri n'kupereka chimango cholimba, ngakhale mipata yake inali yocheperapo. Ku EPFL ku Switzerland, gulu la Esther Amstad linalimbitsa timibulu pothira jeli yachiwiri yolowerera pakati pake, ndipo zinalimbadi, koma jeli yachiwiriyo imadzaza mipata yomwe maselo amayenera kudutsamo. Mbiri ya alginate ikutichenjezanso. Kuyambira 1980, pamene Franklin Lim ndi Anthony Sun anakutira maselo opanga insulini m'timakapisozi, ambiri ankakhulupirira kuti kakang'ono ndiye kabwino. Mu 2015 gulu la Daniel Anderson ndi Langer ku MIT linapeza kuti mibulu ya mamilimita 1.5 kapena kuposa inkakutidwa pang'ono ndi zipsera za chitetezo cha m'thupi poyerekeza ndi ya theka la milimita. Mibulu yaikulu chotero imapangidwa pongodonthetsa kuchokera pa singano.

5. Mutuwu waika mtima pa vuto lomwe si lalikulu koposa. Mnofu wa mtima kapena chiwindi ndi maselo othithikana, osati jeli yokhala ndi maselo apa ndi apo. Inki zambiri zimanyamula maselo ochepa kuwirikiza 10 mpaka 100 poyerekeza ndi chiwalo chenicheni, ndipo pomwe pakhala kambulu ka jeli ndi malo omwe selo lalandidwa. N'chifukwa chake gulu la Jennifer Lewis ku Wyss Institute ya Harvard, pa njira ya SWIFT mu 2019, linaunjika timagulu ta maselo enieni m'malo mwa timibulu ta jeli, n'kufika pa maselo pafupifupi 200 miliyoni pa mililita, kenako n'kusindikiza ngalande zodutsa madzi pakati pake. Kamtima komwe gulu la Tal Dvir linasindikiza ku Tel Aviv chaka chomwecho kanali kakang'ono ngati ka kalulu ndipo sikankapopa magazi. Mpaka pano palibe mtima, chiwindi kapena impso yosindikizidwa yomwe yaikidwa mwa munthu n'kugwira ntchito, pomwe ku America kokha anthu oposa 100,000 ali pamndandanda wodikira ziwalo. Chomwe chikusowa ndi maselo okhwima mabiliyoni komanso timitsempha tating'ono tolumikizika ku mitsempha ya wodwala. Umboni wa mabala nawo ndi wa mbewa makamaka, nyama ya khungu lotakasuka lomwe limatseka bala pokokana, moti ofufuza amachita kusokerera kamphete ka silikoni kuzungulira balalo kuti lipole mofananako ndi la munthu. Pamwamba pa izi pali mtengo. Ngati chimango cha mabala chidzagwire ntchito, ochifuna kwambiri adzakhala odwala ngati omwe amagonekedwa kuwodi ya opsa ndi moto pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi odwala shuga a zilonda zosapola. Njira yokwera mtengo popanga imatulutsa mankhwala oboola m'thumba.

Kuweruza

Ndikaika mfundozi pa sikelo, ndikuona kuti mutuwu waphatikiza zinthu ziwiri zomwe ziyenera kulekanitsidwa. Choyamba ndi ganizo loti chimango chikhale cha timibulu. Chachiwiri ndi ganizo loti timibuluto tikhale tofanana ndendende. Mfundo yoyamba ndi yachiwiri za ovomereza, zomwe ndi zamphamvu kwambiri mukamazimva koyamba, zikuikira umboni ganizo loyambalo kuposa lachiwiri. Mu kafukufuku wa MAP wa 2015, kuyerekeza komwe kunatchuka kunali kwa timibulu ndi jeli yathunthu, osati timibulu ta m'tinjira ndi tosefa. Kuyenda ndi kuima kwa inki nako kumaoneka pa tizidutswa tophwanya. Apa otsutsa apambana, ndipo mfundo ya bulenda wa ku Carnegie Mellon sinayankhidwe mokwanira.

Komabe otsutsa akulakwitsa akamaona kufanana ngati chinthu chongodzionetsera. Mfundo yachitatu ya ovomereza yaima osagwedezeka. Pomwe funso lili loti mpata waukulu bwanji umakopa mitsempha, kapena kuuma kotani kumakhazika mtima pansi maselo a chitetezo, wofufuza ayenera kusintha chinthu chimodzi, zina zonse zili chimodzimodzi, ndipo microfluidics imachita zimenezi bwino kuposa njira ina iliyonse. Ngakhale zomwe gulu la Burdick linapeza mu 2021, zomwe otsutsa akuzinyadira, zinaoneka bwino chifukwa panali timibulu tofanana toyerekezera. Pa kukutira selo limodzilimodzi ndi kupanga timibulu ta chigoba, mpikisano palibe. Masamu a otsutsa aja akuthandizanso ovomereza pa ntchito zazing'ono, pakuti mphindi 100 pa bala limodzi, kuchokera pa kanjira kamodzi kokha, si nthawi yoopsa, ndipo mphako ya sitiroko, chilonda cha shuga kapena timinofu toyesera mankhwala sizifuna malita. Msika wa timinofu toyeserati ukhoza kukula, poti lamulo lomwe America inakhazikitsa mu December 2022 linachotsa kukakamiza kuti mankhwala atsopano onse ayambe ayesedwa pa nyama. Kumeneko kufanana kwa kamnofu kena ndi kanzake ndiye malonda enieniwo.

Mfundo ya oyang'anira mankhwala ndikuipatsa theka. Chomwe amafuna ndi choti katundu azituluka mofanana nthawi zonse ndiponso kuti wopanga athe kuyeza zimenezo. Timibulu tosiyana kukula tikhoza kuvomerezeka ngati kusiyanako kukubwera chimodzimodzi pa mtanda uliwonse wopangidwa. Kumbali ina, woyang'anira yemweyo adzafunsa za mafuta ndi sopo zotsalira, funso lomwe wosefa jeli sakumana nalo. Mfundo yachisanu ya otsutsa, yoti vuto lalikulu ndi maselo ndi mitsempha, ndi yoona, koma ikugwetsa njira zonse zopangira timibulu mofanana, choncho siingatiuze yoyenera kusankha. Chomwe ikutiuza n'chakuti opereka ndalama asamve mawu oti timibulu n'kuganiza kuti impso yayandikira.

Choncho mutuwu, momwe walembedwera, ukugwa. Microfluidics ikhale njira yoyamba pa kafukufuku wofuna kudziwa zomwe maselo amafuna, pa kukutira maselo, ndi pa zobaya zochepa zomwe mtengo wake uli m'zomwe zanyamula. Pa mabafa osindikiziramo ndi zimango zazikulu, kusefa, kuphwanya ndi kuvundula zikhale patsogolo, ndipo wofuna kugwiritsa ntchito tinjira pamenepo ndiye apereke chifukwa. Chomwe chingasinthe chigamulochi ndi kafukufuku wachindunji: jeli imodzi, kuuma kumodzi, gulu lina la timibulu lochokera m'tinjira, lina lochokera pa sefa n'kusankhidwa kukula, zonse n'kuikidwa pa mabala a nkhumba, zomwe khungu lake limapola mofanana kwambiri ndi la munthu, ndipo mtengo wa mililita iliyonse ulembedwe pambali pa masiku omwe balalo latenga kuti lipole.